Amene anajambula Kalulu sanali nawo pamoto

M'chaka cha 1881, kampani yosindikiza mabuku ya Blackwood ku Edinburgh inatulutsa kabuku ka mutu wakuti East African Tales in Chiyao, Chinyasa, and Machinga. Taonani dzina lomalizalo. Boma lathu lino lisanakhale boma, Kasupe asanasinthidwe dzina, mawu akuti Machinga anali atalowa kale m'makina osindikizira ku Scotland ngati dzina la kayankhulidwe ka Ayao a fuko la Amachinga, anthu a Kawinga ndi Liwonde. Ndipo analowamo atasenza nthano. Wolemba wake anali m'busa Duff Macdonald, amene ankatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira 1878. M'chaka cha 1882 anatulutsanso Africana, mabuku awiri akuluakulu, ndipo kumapeto kwa lachiwirilo anaikako mulu wina wa nthano.

Koma inetu lero nkhani yanga ndi ya zithunzi. Nthano ikachoka pakamwa n'kulowa m'buku la ana, pamafunika munthu wina woti agamule kuti Kalulu aoneke bwanji. Aime ndi miyendo iwiri kapena inayi? Avale kapena akhale ndi ubweya wokha? Khasu aligwire ndi chiyani? Pamoto mafunso amenewa kulibe. Wonena nthano akati "Padangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse," aliyense amadzionera yekha Kalulu wake m'mutu, ndipo palibe amene amafunsa kuti kanyama kakang'ono chotero kangafunsire bwanji mwana wamkazi wa mfumu.

Takumbukirani mmene Kalulu wa m'nthano amakhalira. Ali ndi munda. Ali ndi mkazi, ali ndi apongozi, nthawi zina ali pachikamwini ndipo akuzemba ntchito. Amapita kubwalo kukamva mlandu, amaimba ng'oma, amakongola zinthu osabweza. Mvula ikakana, nyama zonse zikapangana zokumba chitsime, iye amakana kukumba nawo, kenaka n'kumabwera usiku ndi uchi kudzanyengerera alonda, kuwamanga mmodzimmodzi, kumwa madzi mpaka kusambamo. Uyu ndi munthu ndithu, ndipo m'mudzi uliwonse alipo, ena mwa inu mukumudziwa ndi dzina. Koma akathawira kuuna, womuthamangitsa n'kumugwira mwendo, iye n'kufuula kuti wagwira muzu, pamenepo ndi kanyama. Amasintha pakati pa chiganizo chimodzi, ndipo khutu silidandaula. Diso ndiye silingalole zimenezo. Cholembera chikangokhudza pepala chiyenera kusankha chimodzi.

Tisanafike kwa amene anasankhawo, tione kaye amene ankamvera nthanozi pamene Macdonald ankazilemba. Zaka za m'ma 1860 dera lino la pakati pa nyanja ya Chilwa, mapiri a Chikala ndi mtsinje wa Shire linali pamoto weniweni. Amachinga anali atangofika kumene kuchokera kum'mawa, kumene tsopano ndi ku Mozambique, n'kupeza Anyanja ali kale pano. Kunali nkhondo, kunali njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, ndipo malonda a minyanga ndi a anthu anali pachimake. M'midzi ya mafumu akuluakulu munali anthu ogwidwa, akazi okwatiwa mosafuna, ana okulira pakhomo la eni osadziwa kwawo. Anthu amenewa nawonso madzulo ankakhala pansi n'kumamvera nthano. Ndiye taganizirani kuti munthu wotere akumva za Kalulu amene akuuza Njovu kuti tiyeni tikokane chingwe, n'kupitanso kwa Mvuu kukanena chimodzimodzi, akuluakulu awiriwo n'kumakokana tsiku lonse iye ali phee pachitsamba. Kapena akumva nthano ija ya nthawi ya njala, pamene Kalulu ndi Fisi akupangana zopha amayi awo, Fisi n'kuphadi ake, Kalulu n'kubisa ake. Imeneyo si nthano yogonetsera khanda ayi. Ikunena za mmene wamng'ono amapulumukira pakati pa amphamvu, komanso sikubisa kuti kupulumuka koteroko nthawi zina kumakhala konyansa. Kalulu si munthu wabwino. Ndi munthu amene sanafe, basi.

Olemba oyambawo, kunena zoona, sankalembera ana. Macdonald ankafuna kuti amishoni anzake adziwe chiyankhulo ndi maganizo a anthu amene ankafuna kuwatembenuza. Paja ndi Macdonald yemweyu amene anachotsedwa pa udindo mu 1881, zitamveka ku Britain kuti pamishoni ya Blantyre anthu ankakwapulidwa koopsa ndipo wina anachita kuphedwa ataweruzidwa pamishoni pomwepo. Munthu mmodzi yemweyo, khutu lakuthwa pomvera nthano za wofooka, koma mishoni yake ili ndi chikoti. Pambuyo pake kunabwera R. Sutherland Rattray, wogwira ntchito ku kampani ya Mandala, amene mu 1907 anatulutsa Some Folk-Lore Stories and Songs in Chinyanja, Chinyanja mbali ina, Chingerezi mbali ina, ndi ndemanga zofotokoza galamala. Amenewa anali mabuku a azungu akuluakulu ophunzira chiyankhulo kuti alalikire, agule thonje, kapena akhometse msonkho.

Zithunzi za dera lino zinalipo nthawi imeneyo, koma zinali za mtundu wina, ndipo kapangidwe kake n'kofunika kukadziwa. Kamera inali isanalowe bwino m'makina osindikizira. Woyenda ulendo ankabwera ndi zojambula zake zapamsangamsanga, kapena ankangofotokoza pakamwa. Ku London mmisiri wina ankazijambulanso pa kachidutswa ka mtengo wolimba, winanso n'kuzokota ndi timipeni, kuchotsa paliponse poyenera kuoneka poyera, kuti mizere yotsalayo inyamule inki. Ndiye kuti chithunzi cha kwathu chinkadutsa m'manja awiri kapena atatu a anthu amene sanapondepo kuno. David Livingstone mwiniwake anakwiya nacho chithunzi chotchuka chija cha mkango ukumugwira, cha m'buku lake la 1857, mpaka analembera wosindikiza wake John Murray kuti n'chonyansa ndipo aliyense wodziwa mkango adzachiseka. Chinasindikizidwabe. Ngati mwini nkhani, mzungu wotchuka chotero, analephera kuletsa chithunzi chake chomwe, nanga agogo a ku Chikala akanatani?

M'buku la Livingstone la 1865, la ulendo wa ku Zambezi ndi Shire, muli chithunzi chimene chinayenda dziko lonse: mzere wa anthu ogwidwa, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ali pazingwe, amene anakumana nawo kwa Mbame mu 1861. Chithunzicho chinagwira ntchito yabwino, chinadzutsa anthu ku Britain kuti adane ndi malonda a akapolo, ndipo sindingachinyoze. Koma chinakhazikitsanso kaonekedwe kathu m'maso mwa owerenga akunja. Munthu wa kuno m'mabuku a nthawi imeneyo amapezeka ali m'goli, kapena atasenza katundu wa bwana, kapena ataimitsidwa chilili kuti aonetse mphini ndi kametedwe ka mtundu wake. Harry Johnston, yemwe asilikali ake anagonjetsa Kawinga ku Chikala mu 1895, anali katswiri wojambula, ndipo buku lake la British Central Africa la 1897 analidzaza ndi mbalame, nyama, maluwa ndi mitundu ya anthu. M'masamba oterewa simudzapezamo munthu wakuda akuseka chifukwa wapusitsa wamkulu. Nzeru zoterozo zinali m'nthano, ndipo nthanozo zitadzapeza zithunzi, nzeruzo zinapatsidwa kwa kanyama.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudumphira pang'ono ku Ulaya, poti kumeneko n'kumene chizolowezichi chinachokera. Jacob ndi Wilhelm Grimm atatulutsa nthano za ku Germany mu 1812, buku lawo linalibe zithunzi. Linali la anthu ophunzira, lokhala ndi ndemanga, monga la Rattray lija. Silinayende malonda kwenikweni. Mu 1823 ku London anamasulira zina mwa nthanozo m'Chingerezi n'kuikamo zojambula zoseketsa za George Cruikshank, ndipo zinagulidwa kwambiri. A Grimm ataona choncho, mu 1825 anatulutsa kabuku ka nthano 50 zokha, kokhala ndi zithunzi 7 zojambulidwa ndi mng'ono wawo Ludwig Emil. M'zaka zomwezo Wilhelm anali kalikiliki kuchapa nthanozo. Mimba ya Rapunzel anaifufuta. Mayi wofuna kupha mwana wake mu nthano ya Snow White anamusandutsa mayi wopeza, ndipo pambuyo pake anachitanso chimodzimodzi ndi mayi wa Hansel ndi Gretel. Chithunzi ndi sopo zinafika limodzi. Kuyambira pamenepo, kwa azungu nthano inakhala katundu wa m'chipinda cha ana, chinthu chimene kholo limagula pa Khirisimasi.

Kalulu wathu anali atawoloka kale nyanja mwa njira ina yowawa. Anthu ogwidwa ukapolo anapita nazo nthano zawo ku America, ndipo kumeneko wochenjera uja anatchedwa Brer Rabbit. Nthano yake yotchuka, ya chidole chopakidwa phula chimene anachimenya n'kukanirirapo, aliyense wa kuno akaimva amazindikira msanga kuti ndi mbale wake wa nthano zathu zija za chidole cha ulimbo. Joel Chandler Harris, mtolankhani wachizungu wa ku Georgia, anazisindikiza mu 1880, ataziika m'kamwa mwa nkhalamba yakuda yotchedwa Uncle Remus, imene ikufotokozera kamwana ka mzungu mokondwa ngati kuti ukapolo unali nthawi yamtendere. Mu 1895 A. B. Frost anajambulanso bukulo, n'kumuveka Brer Rabbit buluku ndi jekete. Beatrix Potter, amene anayamba wayeserapo kujambula Brer Rabbit, mu 1902 anatulutsa Peter Rabbit wa kajekete kabuluu, kalulu wakuba ndiwo m'dimba amene chilango chake ndi kugona msanga atamwa mankhwala. Mukaika atatuwa pamzere, wa ku Chikala, wa ku Georgia ndi wa ku England, mukuona mano akuguluka limodzilimodzi.

Choncho pamene nthano za kuno zinapeza ojambula, msika unali utadziwa kale chimene ukufuna. Frank Worthington, amene anali mkulu woona za anthu akuda m'boma la atsamunda ku Northern Rhodesia, anatulutsa The Little Wise One mu 1930 ndi Kalulu the Hare mu 1937. Geraldine Elliot anatola nthano kuno ku Nyasaland n'kutulutsa The Long Grass Whispers ku London mu 1939, kenaka Where the Leopard Passes mu 1949 ndi The Singing Chameleon mu 1957. Zithunzi za m'mabuku atatuwa anajambula Sheila Hawkins, mayi wobadwira ku Australia amene ankakhala ku England. Ndisaname, mayiyu dzanja anali nalo. Nyama zake zili ndi moyo, zimaoneka kuti zikuganiza, ndipo sanaziveke mabuluku a ku Georgia. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, amatero akuluakulu. Koma kalumo komweko kanameta mbali imodzi ya Kalulu. Pa pepala anatsala ndi nyama yakutchire yokongola, pakati pa nyama zinzake, m'dziko la udzu wautali. Mkamwini waulesi uja, wangongole uja, wamng'ono amene akuyankha mfumu mozungulira uja, mwana wa ku London sakanamuona, ndipo wosindikiza sankafuna kuti amuone.

Apa wina anena kuti ndikukokomeza, kuti nthano za nyama ndi za nyama basi. Mboni yanga ndi Rattray yemwe uja. Atachoka kuno anakagwira ntchito ku Gold Coast, imene lero ndi Ghana, ndipo mu 1930 anatulutsa Akan-Ashanti Folk-Tales. M'mawu ake oyamba anafotokoza zimene eni nthanowo anamuuza, kuti mayina a nyama ankaikidwa m'malo mwa mayina a anthu enieni amene kukanakhala koopsa kuwatchula, ndipo kuti usiku wa nthano inali nthawi imene munthu wamba ankaloledwa kuseka mfumu ndi akuluakulu popanda mlandu. Ife izi sitikufunika kuuzidwa ndi mzungu, timazidziwa. Amayi akafuna kudzudzula bambo wadyera pamaso pa ana, amangoyamba ya Fisi, ndipo bamboyo amadzuka n'kunena kuti akukaona mbuzi kukhola. Chimene chimandisangalatsa ndi buku la 1930 limenelo n'chakuti zithunzi zake anajambula ndi anthu akuda a ku Gold Coast komweko, ndipo tsamba loyamba limanena zimenezo poyera. Ndiye kuti zinali zotheka. Nthano zathu za Chinyanja za m'buku lake la 1907 mwayi umenewo sizinaupeze.

Palinso china chimene chithunzi chinalowa m'malo mwake, ndicho nyimbo. Nthano zambiri zathu msana wake ndi nyimbo. Mbalame imene ikuulula wakupha imaimba, mwana wamasiye ali m'dzenje amaimba, ndipo omvera amavomera mpaka nyimboyo imakhala ya onse. Ndi chifukwa chake J. W. Gwengwe polemba Sikusinja ndi Gwenembe anaimika nkhani yonse pa kambalame koimba. Pepala silingaimbe. Pamalo pamene anthu 10 kapena 15 akanavomera limodzi, buku limaika chithunzi choti mwana mmodzi ayang'ane ali chete. Pamoto wonena nthano amayang'ana nkhope zathu, akaona kuti tatopa amadula, akaona kuti wina wachita mantha amawonjezera dala. Anganga anga, amene ankatisimbira m'Chiyao ndipo Kalulu ankamutchula kuti Che Sungula, Njovu ankaichita ndi mapewa okha, osadzuka pamphasa, ndipo tonse tinkaiona ikubwera.

Kunena za njovu, ife okulira m'mphepete mwa nkhalango ya Liwonde tili ndi chifukwa china choseka zithunzi za m'mabuku. Njovu ya m'buku imamwetulira, ndi yonenepa bwino, yopusa mokoma. Njovu imene tinkaidziwa ife ndi imene inkatha munda wa chimanga usiku umodzi, anthu n'kuchezera kuimba zitini ndi kuyatsa moto, ena n'kutaya moyo. Mpanda wodalirika wabwera posachedwapa, African Parks itatenga nkhalangoyi mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete. Mvuu nayonso pa Shire si chidole. Ndiye munthu wa kwa Liwonde akamva kuti Kalulu wakokanitsa Njovu ndi Mvuu, kuseka kwake kumakhala ndi kubwezera m'kati. Wojambula wa ku London anaziona nyamazi kumalo osungirako nyama, zili kuseri kwa zitsulo, zitadya kale.

Tsono pasakhale wina woganiza kuti makolo athu zithunzi sankazidziwa mpaka anabwera nazo amishoni. Ku Dedza kuli mapanga a Chongoni, malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006, ndipo zina mwa zojambulazo n'zokhudza chinamwali ndi Nyau. Kuno kwathu Ayao anali ndi inyago, zithunzi zoumbidwa pansi ndi dothi n'kuzilemba ndi ufa pa mwambo wa lupanda. Dokotala Hugh Stannus anazifotokoza m'buku lake la The Wayao of Nyasaland la 1922, ndipo Meredith Sanderson, yemwe uja anamasulira Chiikala cha Wayao cha Yohanna Abdallah mu 1919, analembanso za izo mu Nyasaland Journal mu 1955. Pakati pa zithunzizo panali Namungumi, chinyama chachikulu cha m'madzi. Sindilowa m'kati, za kundagala sizikambidwa pa intaneti. Chimene ndikufuna muone ndi kagwiridwe ntchito kake. Chithunzi chimenecho chinali ndi mwini wake woima pambali, wochimasulira ndi mawu ndi nyimbo. Chinali ndi nthawi yake ndi anthu oyenera kuchiona. Mwambo ukatha chinkabwerera kudothi. Sichinkayenda chokha kupita kwa anthu osachidziwa n'kumakayankhula m'malo mwa eni ake. Chithunzi chosindikizidwa chimachita zomwezo zimene inyago sinkachita: chimakhala chimodzimodzi m'mabuku 5,000, chimafika kumene mwini nthano sadzafikako, ndipo mwana amachikhulupirira kuposa mawu.

M'makina a mishoni za kuno, ku Blantyre, ku Likoma, ku Livingstonia, ku Nkhoma, zilembo zinalipo ndipo Amalawi ambiri anaphunzira ntchito yozisanja. Koma chithunzi chinkafuna chidutswa chake chozokotedwa, chodula, chochokera kunja, ndipo ndalama zikapezeka zinkayamba zapita ku zithunzi za m'Baibulo. Mwana wa sukulu ya mishoni ankaona nkhope ya Mose ndi ya Davide kalekale asanaone chilichonse cha kwawo pa pepala. Kwa ana ambiri a kuno, amene makolo awo anakana sukulu za mishoni poopa kuti ana awo asiyitsidwa Chisilamu, buku loyamba linali la kumadarasa, la zilembo zokongola zachiarabu koma lopanda chithunzi cha munthu kapena nyama. Kwa iwo Che Sungula anakhalabe wa pakamwa nthawi yaitali kuposa kwa anzawo a ku Nkhoma. Ena amati kumeneko kunali kutsalira. Pa nkhani ya sukulu mwina n'zoona, ndipo boma lino likulipirabe mpaka lero. Pa nkhani ya nthano, ine ndimati anasungirako kanthu.

Zinthu zinasintha mabuku a m'ziyankhulo zathu atayamba kuchuluka, makamaka kuchokera mu 1948 pamene kunakhazikitsidwa bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland ku Lusaka, kenaka ufulu utabwera. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha dziko, ndipo Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe ndi zina zinatsekeredwa kunja kwa kalasi ndi wailesi. Kuyambira pamenepo mwana wa ku Ntaja kapena ku Nayuchi ankakumana ndi nthano ya kwawo m'buku la Chichewa, Che Sungula atasanduka Kalulu, ulemu wa "Che" uja utagwera m'njira. Mabuku a kusukulu anadzayamba kukonzedwa pafupi pompa, ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mtunda wochepa kuchoka pamalire a boma lathu, ndipo ojambula anali Amalawi. Dzanja linasintha, koma chikombole chinali chija chakale: nyama zamaso aakulu, zoima mwaulemu, ndipo pansi pake mafunso. Funso lomaliza tonse tikulikumbuka, lofunsa kuti nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani. Yankho lolandira chongi linali lakuti tisamakhale aulesi, tisamanyenge anzathu, tizimvera akuluakulu. Koma abale, Kalulu uja anamwa madzi a chitsime chimene sanakumbe, ndipo ngakhale Kamba anamugwira, pomaliza anapulumukabe. M'kalasi monse tinkamuchemerera iyeyo mumtima, kwinaku tikulemba m'kope kuti ulesi ndi woipa.

Pano ndiyenera kuwapatsa ojambulawo mbali yawo, chifukwa chinthu chimene ndakhala ndikuchidandaulachi chili ndi nkhope ina. Chaka chomwecho cha 1968 kunakhazikitsidwa lamulo ndi bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Mtsogoleri wa dziko ankatamandidwa kuti ndi Mkango. M'zaka zimenezo munthu ankatha kumangidwa chifukwa cha nthabwala ya kumowa. Komabe nthano za kanyama kakang'ono kopusitsa Mkango, kouonetsa chithunzithunzi chake m'madzi mpaka udziponyemo wokha, sizinasiye kukambidwa m'midzi ndi m'makalasi. Zinadutsa bwanji? Zinadutsa chifukwa aliyense anali atavomereza kuti izi ndi za ana, ndi za tinyama. Ubweya umene wojambula anamuveka Kalulu unakhala chobisalamo. Akuluakulu odziwa sanaiwale. Jack Mapanje, mwana wa ku Mangochi, anatcha buku lake la ndakatulo la 1981 Of Chameleons and Gods, ndipo boma linamva bwino lomwe chimene bilimankhwe akutanthauza: bukulo linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, mwini wake n'kutsekeredwa ku Mikuyu mu 1987. Ndiye kuti nyama ya m'buku la akulu ankaiopa, ya m'buku la Sitandade 3 ankaisiya. Kalulu mwiniwake akanasankha njira yachiwiriyo.

M'zaka zomwezo nthano zinabwereranso kwa akuluakulu kudzera kwa anthu a ku yunivesite. Popular Publications ya ku Limbe inatulutsa Tales of Old Malawi ya E. Singano ndi Adrian Roscoe mu 1974, ndi Land of Fire ya Matthew Schoffeleers ndi Roscoe mu 1985, ndipo Steve Chimombo mu 1988 anatulutsa Malawian Oral Literature, momwe analimbikira kuti luso lathu tiziliyeza ndi miyeso yathu. Onsewa ndi a m'Chingerezi. Wowerenga Chichewa kapena Chiyao anatsala ndi buku la kusukulu lija. Lero ku Balaka kuli makina a Montfort Media amene amasindikiza The Lamp ndi mabuku amitundumitundu, ndipo kujambula chithunzi chamitundu sikufunanso mmisiri wa ku London ndi timipeni take. Achinyamata odziwa kujambula pa kompyuta tili nawo ambiri, ena amakhalira kukonza zikwangwani za maukwati ndi za mashopu pa Liwonde. Ndikanakonda wina mwa iwo atayesa chinthu chimene Hawkins sakanachiyesa: kumujambula Kalulu patsamba lina ali mkamwini wovala malaya ong'ambika, khasu lili paphewa koma lopanda dothi, patsamba lotsatira ali kanyama kakuthawa, osapepesa kwa wina aliyense. Ana sangasokonezeke. Pamoto sanasokonezekepo.

Mwezi wathawu ndinali ndi ana a Sitandade 4 amene ndimawathandiza kuwerenga Loweruka, ndipo nditawasimbira ya chitsime ija ndinawapatsa mapepala kuti ajambule Kalulu. Kalulu wa kutchire kuno ndi wotuwa, wamiyendo italiitali yakumbuyo, wowonda, amagona pachitsamba, ndipo anyamata ena m'gululo anamusakapo ndi agalu. Mwa ana 14, 11 anajambula kalulu woyera, wonenepa, wa mano awiri otuluka, atagwira karoti. Mtsikana mmodzi anajambula bambo wa makutu aatali atakhala pampando wa ndalema pafupi ndi mjigo, ena onse ali pamzere ndi zigubu. Nditamufunsa kuti ameneyu ndani, anati ndi amene amasunga kiyi.